UKONDE WA M'DISO



 Tikudziwa kuti mpunga ukudikira kunyumba, choncho tiyesetsa kusatalikitsa. Nkhani yathu ndi ya diso, koma osati diso lonse ayi. Tikamba za kachikopa kamodzi kali kuseri kweni-kweni kwa diso, komwe madokotala amakatcha retina.

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Shabani ndi kumapeto kwa Ramadhani, timatuma anthu kukaima pamtunda kukasaka mwezi, ndipo makomo onse amadikira umboni wa maso awo. Anthu awiri amaima malo amodzi, wina nkuuona, mnzake osauona. Nthawi zina mpaka kukwezerana mau. Koma chida chimene onsewo akugwiritsa ntchito, ndi ochepa amene anachifunsapo kuti chimagwira bwanji.

Dzina lake lili ndi mbiri. Asing'anga a ku Baghdad, zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankakatcha shabakiyya, kuchokera ku liu la Chiarabu loti shabaka, ndiye kuti ukonde. Iwonso anatengera kwa Agiriki amene anakafanizira ndi ukonde wa msodzi. Mabuku a Chiarabu atamasuliridwa m'Chilatini, liu lija linasanduka retina, pakuti rete m'Chilatini ndi ukonde womwewo. Ife ukonde timaudziwa bwino, tsono lero tiziti ukonde wa diso.

Kale akatswiri ambiri, otsatira Euclid ndi Ptolemy, ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa kuwala ngati tochi nkukagunda chinthu chimene tikuchiona. Amene anagwetsa ganizo limeneli ndi Ibn al-Haytham, yemwe anabadwira ku Basra cha m'ma 965 nakagwira ntchito ku Cairo. M'buku lake lotchedwa Kitab al-Manazir, limene analemba pakati pa 1011 ndi 1021, anaonetsa kuti kuwala ndiko kumachokera kunja nkulowa m'diso. Umboni wake wina ndi wosavuta: ukayang'ana chinthu chowala kwambiri diso limapweteka, ndipo ukatsinzina chithunzi chija chimatsalirabe. Chotuluka m'diso sichingachite zimenezo. Ndi cholowa chokha. Komabe iye ankaganiza kuti gawo limene limamva kuwala ndi kagalasi kali kutsogolo kwa diso. Panatenga zaka pafupifupi 600 kuti Johannes Kepler, mu 1604, afotokoze kuti kagalasi kaja kamangosonkhanitsa kuwala, ndipo chithunzi chimakagwera pa ukonde kuseri. Chimagwa chozondoka! Ife amene mukutiona pano, m'maso mwanumo taima chadodolido, miyendo m'mwamba.

Ukondewu mungathe kuuona nokha. Pa Eid ya Kurubani mukazinga mbuzi kapena ng'ombe, tengani diso limodzi, wamkulu alidule pakati ndi lumo ana akuona. Mutuluka madzi olendereka ngati oyera a dzira. Kuseri kwake mupeza kachikopa kotuwa, kofewa ngati pepala lonyowa, kosakwana theka la milimita kuchindikala kwake. Kamasendeka kokha, koma pamalo amodzi kamakanirira. Pamenepo ndi pomwe pamatulukira chingwe cha mitsempha chopita ku ubongo. Pansi pa kachikopaka muona china chonyezimira mobiriwira. Chimenecho muchisunge m'mutu, tibwerako.

Kachikopa kameneka sikhungu wamba. Ndi ubongo. Mwana akamaumbika m'mimba, cha mu sabata yachinayi, ubongo umaphuka timatumba tiwiri kutsogolo, ndipo timatumbato ndi timene timasanduka ukonde wa maso awiri. Ndiye kuti ntchito yoganizira zimene taona siyidikira kuti uthenga ufike m'mutu. Imayambira m'diso momwemo. M'zaka za m'ma 1890 katswiri wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, anajambula ukonde wa nsomba, wa chule, wa buluzi, wa mbalame ndi wa nyama zoyamwitsa, napeza kuti kamangidwe kake ndi kamodzi pa nyama zonse zokhala ndi fupa la msana. Chambo, nkhuku, mbuzi ndi munthu, pulani yake ndi yomweyo. Pali maselo olandira kuwala, pali maselo apakati, ndipo pali maselo otumiza uthenga ku ubongo. Kupatula apa pali magulu ena awiri oyenda chopingasa, amene ntchito yawo ndi kufananitsa zimene selo ili laona ndi zimene anzake oyandikana nalo aona.

Chodabwitsa nchakuti olandira kuwala ali kumbuyo kweni-kweni, atafulatira kuwalako. Kuwala kumayamba kwapyola mitsempha ndi maselo ena onse kuti kuwafike. Ubwino wake ulipo, pakuti maselo amenewa amadya kwambiri ndipo kumbuyoko ndiko kuli magazi ochuluka owadyetsa. Koma mtengo wake uliponso. Popeza nthambo zonse zili kutsogolo, ziyenera kuboola ukonde kuti zituluke, ndipo pobowolapo palibe selo loona ngakhale limodzi. Aliyense wa ife ali ndi malo akhungu m'diso lililonse. Amene anaonetsa izi ndi Edme Mariotte wa ku France m'zaka za m'ma 1660. Tayesani pompano. Tambasulani manja, zala zazikulu ziloze kumwamba zitagundana. Tsinzinani diso lamanzere, lamanja liyang'anitsitse chala chamanzere, kenaka muzisuntha chala chamanja pang'ono-pang'ono kumka kumanja. Chikatalikira ngati masentimita 15, nsonga yake izimiririka. Malo amenewo si ang'ono: miyezi yathunthu pafupifupi 10 itandandalikidwa ingabisalemo. Sitizindikira chifukwa diso linalo limathandiza, komanso ubongo umamata dzenjelo ndi zimene zili m'mbali mwake, osatiuza.

Maselo olandira kuwala alipo mitundu iwiri. Ena ndi atali ngati tindodo, pa Chingerezi amati rods. Ife tiziti tindodo. Ena ndi osongoka, amati cones, tiziti tinsonga. M'diso limodzi la munthu muli tindodo pafupifupi mamiliyoni 100, pamene tinsonga ndi mamiliyoni 5 kapena 6 basi. Tindodo ndi alonda ausiku. Timamva msanga kotero kuti kamodzi kangathe kuyankha kuwala kochepetsetsa kumene kulipo m'chilengedwe, koma sitidziwa mtundu wa chinthu ndipo sitiona zinthu zazing'ono bwino. Tinsonga ndi tamasana, timafuna kuwala kokwanira, ndipo ndi timene timasiyanitsa chofiira, chobiriwira ndi chamtambo. Nchifukwa chake kukamada chitenje chofiira chimayamba kuoneka chakuda masamba akadali kuoneka, ndipo pa mwezi zovala zonse zimangooneka zotuwa.

Munthu ali ndi mitundu 3 ya tinsonga. Galu ndi ng'ombe ali ndi 2, choncho ng'ombe yaukali sithamangira nsalu chifukwa choti ndi yofiira, imathamangira kugwedezeka kwake. Mbalame zambiri zili ndi 4. Nkhuku ili ndi tinsonga tambiri koma usiku ndi yosauka, nchifukwa chake imalowa m'khola isanamve ndi adhana ya Magharibi yomwe, pamene kadzidzi, amene ukonde wake wadzaza tindodo, ndiye akungodzuka kumene.

Pakati-kati pa ukonde wathu pali kadzenje kakang'ono kotchedwa fovea. Pamenepo mitsempha inapatukira m'mbali kuti kuwala kufike mosatsekerezedwa, ndipo pali tinsonga tokha-tokha titathithikana. Malo amene timaona bwino-bwino ndi amenewo okha, ndipo kukula kwake ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu mkono utatambasulidwa. Kwina konseko timangoona mwachimbuuzi. Ngati mukukayika, yang'anitsitsani liu limodzi papepala, muyese kuwerenga mzere wachitatu pansi pake osasuntha diso. Sizitheka. Popeza pakadzenjeka palibe tindodo, usiku nyenyezi yofooka ukaiyang'ana mwachindunji imasowa, ukayang'ana cham'mbali pang'ono imabwerera.

Nanga kuwala kumasanduka bwanji uthenga? Mu 1876 Franz Boll anaona kuti ukonde wa chule amene wakhala mumdima ndi wofiirira, koma ukauika poyera umayezuka. Mankhwala ofiirirawo ndi amene amagwira kuwala. Patapita zaka, George Wald wa ku America anapeza kuti amapangidwa ndi vitamini A, ndipo mu 1967 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Keffer Hartline ndi Ragnar Granit. Kuwala kukagunda mankhwalawa amasintha maonekedwe, ndipo ayenera kukonzedwanso asanagwirenso ntchito. Mukachoka padzuwa kulowa m'nyumba ya mdima, tinsonga timazolowera m'mphindi 10, koma tindodo timafuna mpaka theka la ola. Mwana kapena mayi woyembekezera amene kukangoda akupunthwa, osapeza mbale yake, pamene masana akuona bwino, tisamunene kuti ndi wosasamala. Kawiri-kawiri ndi kusowa vitamini A. Mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati, bonongwe, nkhwani, mazira ndi chiwindi ndiye chakudya cha tindodo, ndipo ndiwo zamasamba zikhale ndi kamafuta kapena nsinjiro kuti vitaminiyo alowe m'thupi.

China chimene ngakhale akatswiri chinawadabwitsa: maselo amenewa amayankhula mumdima. Mukagona, iwo ali kalikiliki kutulutsa uthenga. Kuwala kukafika ndiye amachepetsa mau. Uthenga woyamba woti kwawala ndi kukhala chete.

Tsopano tafika pa phata. Tanena kuti olandira kuwala aposa mamiliyoni 100. Koma chingwe chopita ku ubongo chili ndi nthambo miliyoni imodzi ndi pang'ono. Anthu 100, khomo limodzi. Ndiye kuti diso silingatumize zonse, liyenera kusankha. Mlembi wa komiti yathu salemba chifuwa cha munthu aliyense pa msonkhano, amalemba mfundo. Akulu-akulu mukukumbukira telegalamu, m'mene liu lililonse linali ndi mtengo wake: palibe ankalemba moni wautali, ankangoti MAYI ADWALA BWERA. Ukonde wa diso umalemba telegalamu.

Chimene umasankha ndi kusiyana. Mu 1953 Stephen Kuffler analumikiza kawaya koonda kwambiri ku selo limodzi lotumiza uthenga m'diso la mphaka, nayamba kuunika kadontho ka kuwala malo osiyana-siyana. Anapeza kuti selo lililonse limayang'anira kabwalo kake kakang'ono. Kuwala kukagwa pakati pa kabwaloko, selo limafuula. Kukagwa m'mphepete mwake, limatonthola. Kukadzaza kabwalo konse, pakati ndi m'mphepete momwe, selo limangoyankha mwaulesi ngati palibe chachitika. Anapezanso maselo ena ochita mosemphana, amene amafuula pakati pakachita mdima m'mphepete mukuwala. Tsono selo silifunsa kuti kwawala bwanji. Limafunsa kuti, kodi pano pawala kuposa pa mnansi wanga? Amene amabweretsa nkhani ya kwa mnansiyo ndi maselo opingasa aja. Ndipo njira ziwirizi, ya zowala ndi ya zakuda, zimagawikana kuyambira pa maselo apakati mpaka kukafika ku ubongo. Zilembo zakuda papepala loyera mumaziwerenga makamaka ndi njira yachiwiriyo.

Phindu lake timaliona tsiku ndi tsiku. Khala lili padzuwa la masana limabweza kuwala kochuluka kuposa mkanjo woyera uli m'nyumba pa nyali ya koloboyi. Diso likanakhala loyeza kuchuluka kwa kuwala, bwenzi khala likuoneka loyera, mkanjo wakuda. Koma khala ndi lakuda masana, mkanjo ndi woyera usiku, chifukwa chilichonse chikufananitsidwa ndi zimene zachizungulira. Nyenyezi nazo masana sizipita kwina kulikonse. Thambo ndiye lawala mofanana nazo, kusiyana kwatha.

Kusiyana kwina ndi kwa nthawi, ndiye kuti kuyenda. Mu 1959 Jerome Lettvin ndi anzake ku America anapeza m'diso la chule maselo amene sasamala kanthu kena koma kadontho kakuda koyenda. Chimenecho kwa chule ndi chakudya. Ukonde wake sutumiza chithunzi cha dambo lonse, umangoti ntchentche iyo! Koma ntchentche yakufa itangokhala phee patsogolo pake, chule sailabadira. M'diso la kalulu, Horace Barlow ndi William Levick anafotokoza mu 1965 maselo amene amafuula chinthu chikamayenda kulowera mbali imodzi yokha, chikabwerera ali duu. Pa mbewa, ofufuza apeza mitundu yoposa 30 ya maselo otumiza uthenga, uliwonse ndi nkhani yake. Ifenso tisamuseke chule. M'zaka za m'ma 1950 ofufuza anakonza zoti chithunzi chikhazikike malo amodzi pa ukonde wa munthu osasuntha nkomwe, ndipo m'masekondi owerengeka chinazimiririka. Timaona chifukwa diso lathu limanjenjemera pang'ono-pang'ono nthawi zonse ife osadziwa.

Mu 2002 kunatsimikizikanso kuti ena mwa maselo otumiza uthenga amamva okha kuwala, ndipo ntchito yawo ndi kuuza wotchi ya m'thupi kuti kwacha kapena kwada. Achinyamata amene mumagona foni ikuwala kumaso, kenaka nkumavutika kudzuka pa daku, mbali ina ya mlandu ili pamenepo.

Tibwere tsono kwa osaka mwezi. Mwezi wathunthu, ndi ukulu wake wonse uja, chithunzi chake pa ukonde ndi 0.15 ya milimita basi. Mwezi wa tsiku loyamba ndi kamzere koonda ngati selo limodzi, mwinanso kuchepera, ndipo kali pa thambo limene likadali lowala. Kusiyana ndi kochepa kwambiri. Mukafulumira, thambo lawala kwambiri; mukachedwa, mwezi walowa. Mpata wake ndi mphindi zochepa pakati-kati. Katswiri wa zakuthambo wa ku France, André Danjon, anaonetsa m'zaka za m'ma 1930 kuti mwezi ukayandikira dzuwa kuchepera madigiri 7, ngati zala 4 mkono utatambasulidwa, suoneka. Ndipo mwezi wosakwana maola 15 chibadwire sitiyembekeza kuuona ndi maso okha.

Popeza nthawi imeneyo kukadali kowala, ntchito ndi ya tinsonga ta pa kadzenje kaja. Nzeru yoyang'ana cham'mbali ndi ya nyenyezi usiku, pa mwezi watsopano sithandiza. Muyenera kuugunda mwachindunji, ndipo kumbukirani kuti malo oona bwino ndi a chikhadabo chimodzi. Munthu angathe kuyang'ana mbali yoyenera koma nkuuphonya ndi zala ziwiri. Choncho yendetsani maso pang'ono-pang'ono mzere ndi mzere monga popalira, osangotong'ola malo amodzi, pakuti chosasuntha chimazimiririka. Thambo lopanda kanthu limapangitsanso diso kumasuka nkumayang'ana pafupi, tsono muziyamba mwayang'ana phiri kapena mtengo wakutali kenaka nkukwera. Ndipo tengani achinyamata. Munthu wa zaka 60, kuwala kumene kumafika pa ukonde wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kwa mnyamata wa zaka 20. Agogo akalephera kuuona si bodza la mdzukulu, komanso mdzukulu asafulumire kulumbira: ukonde umakonda timizere, ndipo kachingwe ka mtambo kapena utsi wa ndege zimafanana ndi mwezi kwa munthu amene mtima wake ukufunitsitsa Eid. Kufunsa mboni kuti unali mbali iti, nyanga zake zinaloza kuti, ndi nthawi yanji, si kunyoza munthu ayi.

Chimene tikupempha ndi mtima wonse ndi ichi: musayang'ane dzuwa likamalowa, ndipo zoonera patali zisatuluke m'thumba dzuwa lisanalowe. Kagalasi ka m'diso kamasonkhanitsa kuwala monga galasi limene ana amayatsira pepala, ndipo kamakusonkhanitsira pa kadzenje kaja, malo amene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Ukonde ulibe mitsempha yomvera ululu. Umaonongeka mwini wake osamva kanthu, mawa lake nkudzuka ndi kadontho pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana. Pa kadamsana chimodzi-modzi. Nsomba zina ukonde ukaonongeka umaphukanso, koma mwa munthu maselo amenewa akafa, afa.

Kusamva ululu komweku ndiko kumapusitsa odwala shuga ndi BP. Ukonde umadya mpweya wa m'magazi kwambiri kuposa ziwalo zambiri za m'thupi, ndipo timitsempha take ndi toonda zedi. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri, timitsemphato timayamba kuchucha ndi kutsekeka, munthu akuonabe bwino-bwino. Akamadzati maso achita chifunga, matenda apita patali. Ng'ala ndi kagalasi kamene kachita mtambo, adokotala amachotsa nkuika kena munthu nkuonanso. Ukonde ulibe wina wosinthira. Aliyense wa shuga apite akamuone kuseri kwa diso kamodzi pachaka, ngakhale asakumva vuto. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali ya maso, ndipo ku chipatala cha boma chapafupi angakuuzeni koyambira. Amene mwadzidzidzi wayamba kuona ziphaliwali m'diso, timadontho takuda tambiri touluka, kapena ngati katani yatsika mbali imodzi, asadikire kuti Eid ithe. Mwina ukonde ukusendeka monga tinaonera pa diso la mbuzi lija, ndipo pamenepo masiku amawerengedwa.

Chonyezimira chija tinati muchisunge ndi galasi limene limabweza kuwala kuti kudutse pa tindodo kachiwiri. Mphaka, galu, fisi, mbuzi ndi ng'ombe zili nacho, nchifukwa chake maso awo amayaka mukawaunika ndi tochi. Munthu alibe. Kamwana ka diso la munthu ndi kakuda, ndipo pa chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa kamera kamaoneka kofiira. Tsono azimayi ndi azibambo, lero mujambula ana anu zithunzi zambiri atavala zatsopano. Mukaona kuti diso limodzi la mwana wamng'ono likuwala moyera ngati la mphaka, kaya pa chithunzi kaya madzulo pa nyali, kapena layamba kuyang'ana kumbali, musathire mankhwala a zitsamba, musathire mkaka wa m'mawere, musadikire kuti akule. Nthawi zina ndi ng'ala yobadwa nayo, nthawi zina ndi khansa ya ukonde yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Ikapezeka ikadali m'diso, ana ambiri amachira. Ikatuluka m'diso nkutsata chingwe chija kumka ku ubongo, imapha. Mwana wotere apite ku chipatala sabata yomweyo, ndipo ngati vuto ndi thiransipoti, auzeni a komiti.